Chakudya chapsa bwino koma m'mbale sichikupatsa mudyo: kofufuza ndi chochita kuno ku Chigwa cha Shire

Dandaulo la ophika limakhala lomwelo, kaya ndi ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula. Mumphika zonse zinali bwino, mchere munalawa unakwana, koma pofika pamphasa pamene akhala apongozi nsima yang'aluka, nkhwani wada, msuzi wayenderera mpaka m'mphepete mwa mbale, nsomba yasanduka zidutswa. Ambiri zikatero amaloza mbale, n'kuyamba kusunga ndalama zokagulira zadothi zoyera ku Blantyre. Nthawi zambiri mbale imakhala ilibe mlandu. Kuno kuchigwa chimene chimaononga maonekedwe a chakudya ndi kutentha, madzi amene timaphikira, ndiponso nthawi imene chakudyacho chimakhala chikudikira anthu. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndiye ndiwo zimene mnzanu wa ku Dedza angazisiye patebulo n'kukazipeza zili chimodzimodzi, kuno zimasintha musanamalize n'kusamba komwe.

Pitani pa chizindikiro chimene chikukuvutani. Pansi pa chilichonse ndayamba ndi choyambitsa chofala kwambiri n'kutsirizira chosowa.

## Nsima yauma pamwamba, yachita ming'alu

Mtanda ukuoneka ngati dothi la makande mvula isanagwe, ndipo wodya akuyamba ndi kusenda khungu n'kuliika pambali.

1. Mwaomola msanga. Ng'ambani mtanda umodzi. Ngati mkati muli mofewa ndi motentha koma kunja kokha ndiko kwauma, ufa ndi kaphikidwe kanu zili bwino. Ndiwo zonse zipse kaye, mbale zikhale zotsukatsuka, anthu akhale pansi. Muyambe kuvundula pamene mwana wanyamula beseni ndi jagi yosambitsira anthu m'manja. Mlendo akadikira nsima pang'ono palibe chamanyazi. Nsima ikamadikira mlendo ndiye pamabwera zonsezi.
2. Simunavindikire, kapena mwaika pamphepo. Pakhonde podutsa kamphepo ndi pansi pa fani ndi pabwino kwa anthu, osati kwa nsima. Mukangomaliza kuomola vindikirani ndi mbale inzake yozama.
3. Ufa ndi wa mapira kapena wa mchewere. Mbewu ziwirizi ndi zimene zimatipulumutsa chimanga chikapserera, koma nsima yake imalimba msanga ikamazizira, makamaka ufa ukakhala wosalala pang'ono. Sefani ufawo. Phala lake liwire motalikirapo, ndipo lekani kuthira ufa nsima ikadali yofewerapo kuposa mmene mumaifunira, chifukwa imakalimbira m'mbale. Ena amasakaniza ndi ufa wa chimanga, ena amathirako kaufa ka chinangwa kuti igwirane. Ufa wa mchewere uli ndi mafuta ambiri, moti pakutentha sukhalitsa, umayamba kuwawa ndi kununkha. Kuchigayo muzipita ndi wochepa.
4. Phala silinapse. Kanyani mbamu m'manja. Ikamanyenyeka n'kusiya ufa m'zala, nsimayo ndi yosapsa, ndipo palibe chimene mungachite m'mbale. Phikani ina, ndipo phala liwire mphindi zosachepera 10 musanayambe kuthira ufa wovundulira.

## Mitanda siikuumbika: yamata chipande, yayala, kapena ili ndi mibulu

Mtanda wabwino umaumbidwira mumphika. Viikani chipande m'madzi, tapani nsima kuchokera pakati n'kuikokera m'mbali, ikanikizeni pang'ono kukhoma la mphikawo kuti idzaze chipande popanda mphako, kenako tembenuzani dzanja kamodzi kokha pamwamba pa mbale. Mtanda umatsetsereka wokha. Usalazeni kamodzi ndi kumbuyo kwa chipande chonyowa, basi. Mukapitiriza kuusisita umatsala ndi mizere komanso madzi pamwamba.

1. Chipande chauma, kapena madzi oviikamo asanduka phala. Viikani pa mtanda uliwonse, ndipo madzi akayera sinthani. Madziwa akhale akumwa, owiritsa kapena othira kolorini, chifukwa akupita pachakudya chimene sichibwereranso pamoto. Ambiri amasamala madzi a m'ndowa yakumwa koma oviika chipande amangotunga paliponse.
2. Nsima yafewetsa. Mitanda imayala n'kugwirana. Ngati mphika ukadali pamoto, thirani ufa pang'ono, vundulani, vindikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako vundulaninso.
3. Mibulu. Imabwera mukathira ufa wambiri nthawi imodzi, kapena mukayamba phala madzi atabwata kale. Yambani phala madzi akangofunda. Mibulu ikaoneka, iphwanyireni kukhoma la mphika ndi mthiko nsima isanalimbe.
4. Thukuta la mu fuduwoma. Nthunzi imagwira kuchivindikiro n'kudonthera pansima, pamwamba n'kuterera. Siyani chivindikiro chotsegula pang'ono mphindi yoyamba, kapena yalani kansalu koyera kouma pansi pa chivindikirocho. Zokulunga mitanda yotentha m'timajumbo topyapyala zisiyeni. Nsima imatuluka yamakwinya, yonunkha pulasitiki.
5. Chipande chang'aluka. Nsima imakanirira m'ming'alumo ngakhale muviike chotani. Gulani china.

Mitanda ikhale yofanana kukula, ndipo musasanjikize kupitirira iwiri, chifukwa yapansi imaphwanyika. Mtanda wotsiriza, wopala ndi nkhoko, ndi wa kukhitchini.

## Msuzi wasefukira paliponse, kapena mafuta ayandama

1. Mwaika zonse m'mbale imodzi. Zithunzi za pa Facebook zomwe nsima, nyama, masamba ndi msuzi zili m'mbale imodzi yafulati zinajambulidwa chakudya chitangoikidwa kumene. Pakapita kanthawi msuzi umalowa pansi pa mtanda, nsima n'kunyowa. Ine ndimaona kuti njira ya makolo, nsima kwayokha, ndiwo m'bakuli mwake, ndi imene ili yooneka bwino kuposa zonse. Ngati mukufunabe mbale imodzi, ikani nsima mbali ina, nyama yokhetsa msuzi mbali ina, masamba pakati kuti atchinge, ndipo msuzi ubwere m'kambale kapadera.
2. Tomato sanapse. Pendeketsani mphika. Madzi oyera akamathamanga n'kusiya tomato m'mbuyo, msuzi sunagwirane. Kazingani anyezi ndi tomato osavindikira mpaka mafuta ayambe kuonekera m'mbali, kenako ndi pomwe muthire madzi, pang'onopang'ono. Tomato wa kudimba, wothiriridwa kwambiri, amakhala ndi madzi ambiri ndipo amafuna nthawi yotalikirapo pamoto.
3. Madzi achuluka. Chotsani nyama kapena nsomba, wiritsani msuzi wokha osavindikira mpaka uchepe. Ngati ndi nyemba, khobwe kapena nandolo, phwanyani supuni imodzi kapena ziwiri n'kubwezeramo.
4. Mafuta achuluka. Phulani mphika, udikire pang'ono, upendeketseni n'kuwengula mafuta ndi supuni. Mafuta a mbuzi ndi a ng'ombe amaundana msanga n'kuyera m'mphepete mwa mbale ngakhale kunja kukutentha. Tsukuluzani bakuli ndi madzi otentha, lipukuteni, kenako pakulani.

Pomaliza pukutani m'mphepete mwa mbale ndi kansalu koyera, osati kamene mwagwirira mphika wa mwaye. Komanso musadzaze bakuli mpaka kukamwa. Wonyamula akangopunthwa pang'ono ntchito yonse yaonongeka.

## Masamba ada kapena asanduka phala

Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi mpiru zimachoka kudimba zili zobiriwira bwino. Zikafika m'mbale zili zofiirira, fufuzani izi:

1. Akhalitsa pamoto. Madzi akhale ochepa ndipo abwate kaye musanaikemo masamba. Bonongwe wanthete ndi chamwamba zimapsa m'mphindi zochepa chabe. Sadzulani nkhwani bwinobwino kuti asamafune moto wautali.
2. Tomato walowa msanga. Zowawasa zonse, tomato, mandimu, bwemba, zimasintha kubiriwira kwa masamba zikaphikidwa nawo nthawi yaitali. Thirani tomato masamba atatsala pang'ono kupsa, kapena mukazingireni padera n'kusakaniza pomaliza.
3. Apitiriza kupsa mumphika wovindikira. Mwaphula, mwavindikira, mwayamba nsima, ndipo masamba akupsabe ndi nthunzi yawo. Akhuthulireni m'bakuli n'kuvindikira ndi sefa kapena lichero loyera.
4. Soda kapena chidulo chachuluka. Apa masamba amakhala obiriwira ndithu koma otereratu, opanda tsamba looneka, ndipo amamveka sopo kukamwa. Soda amaononganso mavitamini ena, makamaka vitamini C. Kansonga ka supuni kakwana, ndipo masamba anthete safuna n'komwe.
5. Nsinjiro zaundana. Zisefeni, ziwazeni pamwamba, zisiyeni zinyowe ndi nthunzi kaye musanatakase.

Chenjezo: chigwada musachiphule msanga pofuna kuti chikhale chobiriwira. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi kuwiritsa mokwanira, mphika uli wosavindikira. Chigwada chakupsa chimadera ndithu, ndipo ndi mmene chiyenera kuonekera.

Therere lilibe njira ina: likhale m'kambale kakekake kozama.

## Nsomba yaphwanyika kapena yamata m'chiwaya

Makakana ndi milamba ya ku dambo la Elephant Marsh ndi mu Shire ndi ndiwo zolemekezera mlendo, koma ndi zimenenso zimachititsa manyazi kawirikawiri.

1. Mwaitembenuza msanga. Nsomba ikapsa mbali imodzi imadzimasula yokha m'chiwaya. Ikankheni pang'ono ndi supuni. Ikakana, isiyeni. Tembenuzani kamodzi kokha.
2. Yalowa m'mafuta ili yonyowa, kapena mafuta sanatenthe. Ikatsukidwa ichekeni mizere iwiri kapena itatu mbali zonse, thirani mchere, ikhetse madzi, ipukuteni. Wazani kaufa m'mafuta. Kakangolira nthawi yomweyo, mafuta atentha. Musadzaze chiwaya, chifukwa mafuta amazizira, nsomba n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika.
3. Mwatakasa ndi mthiko. Nsomba ya mumsuzi siitakasidwa. Konzani msuzi kaye, yalani nsomba pamwamba, ndipo pofuna kuti isapserere gwirani mphika n'kuuzunguza. Popakula gwiritsani supuni yaikulu yafulati.
4. Mwaivindikira itangokazingidwa. Khungu limafewa n'kusupuka. Iyaleni pa waya kapena pa sefa yachitsulo.
5. Mlamba wouma sunatsukidwe. Msuzi umada ndi mwaye, ndipo pansi pa bakuli pamatsala mchenga. Uviikeni m'madzi ofunda, utsukeni, tayani madziwo. Mlamba wauwisi uchotseni zoterera zapakhungu ndi phulusa kapena madzi otentha, apo ayi msuzi umachita thovu lotuwa.
6. Inali itayamba kale kuonongeka. Dinani ndi chala musanagule. Pakatsala chibowo, maso akakhala otuwa olowa mkati, kapena momwe imapumira mukakhala motuwa m'malo mofiira, isiyeni. Nsomba yotero imanyenyeka ngakhale aphike katswiri. Kuno nsomba yauwisi ndi yogula m'mawa.

Za nkhuku n'zachidule. Idulidwe m'mfundo, osati kuphwanya mafupa ndi chikwanje, ndipo nthutumba ikhale pamwamba poonekera m'bakuli la alendo kapena la bambo a m'nyumba. Ikasowa, ngakhale mukongoletse chotani, anthu akambirana za nthutumbayo.

## Chakudya chonse chili mtundu umodzi

Nsima ya mapira yofiirira, nyemba zofiirira, nyama yofiirira, mbale yofiirira. Chakudya chabwinobwino, koma maso akukana.

1. Pasowa gulu la chakudya. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Mbale yosaoneka bwino nthawi zambiri imakhala yosowa masamba kapena chipatso. Onjezani masamba obiriwira, dzungu, mbatata yofiira mkati, mango kapena papaya wodula m'mbale yapambali.
2. Mbale yafanana ndi chakudya. Nsima ya mapira ndi ya mchewere imaoneka bwino m'mbale yoyera. Ya ufa woyera ndi mpunga zimaoneka bwino m'mbale yakuda kapena yamtundu. Mbale zamaluwa ambirimbiri zimalimbana ndi chakudya.
3. Pamwamba palibe kanthu. Chitowe chokazinga chowaza pamasamba, kachidutswa ka ndimu pambali pa nsomba, anyezi wamasamba wodula pa nyemba, kambuzi mmodzi wathunthu pambali kuti wofuna atenge. Chimodzi chokha chakwana. Maluwa a tomato ozungulira mbale yonse amafota pakutentha n'kuyamba kukha madzi.

Pokongoletsa gwiritsani zodyedwa zokha. Maluwa ena a pabwalo ndi masamba a nsatsi ndi poizoni. Tsamba la nthochi lotsuka n'kuliwambako pamoto ndi labwino kuyalira nsomba yootcha, koma nyuzipepala ayi, inki imamatirira kuchakudya.

## Mpunga wasanduka phala kapena sukuyera

1. Madzi achuluka. Mpunga wokolola kumene, monga wa kumasikimu a Muona ndi Nkhate nthawi yokolola, umafuna madzi ochepa kuposa wogonera.
2. Sunatsukidwe mokwanira, kapena mwautakasatakasa uli pamoto.
3. Mwapakula mutangophula. Usiyeni wovindikira mphindi 10, kenako umasuleni ndi foloko.
4. Madzi a pamjigo, kapena mphika umene munaphikiramo za soda. Mpunga umatuwa kapena kuchita chikasu. Madontho ochepa a ndimu m'madzi ophikira amathandiza.

Pofuna kuti uumbike, utsindireni m'kapu yonyowa n'kugadabuzira m'mbale.

## Mbale zili ndi mawanga oyera, zikuterera kapena kununkha

1. Madzi amchere. Mijigo yambiri m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. Akaumira pambale amasiya mawanga, sopo sachita thovu, ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Tsukuluzani komaliza ndi madzi otentha othira ndimu kapena viniga, yanikani mbale choimika pathandala. Ndiwo zophikira madzi otere muzilawa kaye musanathire mchere.
2. Mafuta akanirira m'mbale zapulasitiki. Madzi ozizira sachotsa. Gwiritsani otentha ndi sopo, kenako padzuwa.
3. Mbale yakalamba. Yong'aluka, yokandikakandika, kapena yachitsulo yosupuka utoto n'kuchita dzimbiri imasunga litsiro m'ming'alu. Isiyeni kudyera.

## Pamene muyenera kusiya kukonza maonekedwe

Apa nkhani sikhalanso ya kukongola. Tayani chakudya, osachibisa ndi msuzi watsopano, tsabola kapena ufa wa kale (curry), mukaona izi:

- nyemba kapena ndiwo zotendera zachita thovu kapena zikumveka kusasa
- mpunga wogona ukuterera kapena ukununkha, chifukwa poizoni wa tizilombo tina ta mumpunga satha ngakhale muutenthetsenso
- nyama kapena nsomba yaterera, yasintha mtundu, kapena ntchentche zaikirapo mazira
- mtedza wa nsinjiro kapena ufa uli ndi chuku, chifukwa poizoni wake sachoka ndi moto
- chakudya kapena ufa wakhudzidwa ndi madzi osefukira

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Chikhale chotentha kupitirira madigiri 60, kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Masana a chilimwe chathu, ngakhale maola awiriwo ndi ambiri. Alendo akachedwa, ndiwo zidikire pamakala ochepa mumphika mwake, ndipo nsima musaiyambe.

Zokongoletsera zosaphika, tomato, anyezi ndi kabichi, zitsukeni ndi madzi othira kolorini. Kukamveka kolera m'dera lanu zisiyeni kaye. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo maboma athu awiri a Chikwawa ndi Nsanje, amene madzi amasefukira kawirikawiri, amakhala pachiopsezo nthawi ya dzinja.

Thamangirani kuchipatala ngati:

- wina akutsegula m'mimba madzi okhaokha oyererako, kapena akusanza mosalekeza. Mumwetseni Thanzi ORS muli panjira, osadikira kuti kuche
- anthu awiri kapena kuposerapo adwala atadya chakudya chimodzi
- wodwalayo ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena wokalamba
- wina akumva chizungulire, mutu ndi kusanza atadya chinangwa kapena chigwada
- milomo kapena nkhope yatupa, kapena akubanika, atadya zotendera kapena nsomba
- munga wa nsomba wakanirira kukhosi. Zomumezetsa mbamu yaikulu ya nsima zingaukankhire mkati kwambiri

Itanani odziwa ntchito ngati:

- madzi a pamjigo asintha mtundu, fungo kapena kakomedwe, makamaka madzi akasefukira. Uzani komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti madziwo ayezedwe
- firiji ikulira koma zamkati sizikuzizira, kapena mbaula ya gasi ikutulutsa lawi lachikasu lodetsa miphika. Mukamva fungo la gasi tsekani pasilinda, tsegulani mawindo, osayatsa moto, itanani mmisiri
- mukuphikira chinkhoswe, ukwati kapena maliro ndipo anthu achuluka kuposa amene miphika ndi manja a pakhomo panu angakwanitse nthawi imodzi. Pezani amayi ozolowera kuphikira gulu, amene amadziwa kuphika nsima m'magawo kuti gulu lililonse lilandire yotentha, ndipo mugwirizane nawo za nthawi yodyera tsiku lisanafike